Tsekani simukhadi kaye: kuteteza foni, ndalama ndi kompyuta mu Blantyre

Foni ikasowa m'minibasi ya ku Bangwe kapena m'chipiringu cha pa Mibawa madzulo, mwini wake amayamba kulira mtengo wa foniyo. Koma wakuba wodziwa ntchito yake sadalira Tecno kapena Samsung imene wasolola m'thumba. Amazula simukhadi n'kuiika m'kafoni ka mabatani, ndipo pomwepo nambala yanu ili m'manja mwake. Pa nambalayo ndi pamene pali Airtel Money kapena Mpamba, pamene banki imatumiza makhodi, pamene WhatsApp ndi Facebook zimatsimikizira kuti ndinudi. Loko wa pa sikirini, kaya wa chala kaya wa nkhope, amatsalira m'foni muja, simukhadi n'kutuluka yosatseka. N'chifukwa chake ntchito yonse iyenera kuyambira pa kachidutswa kameneka.

PIN ya simukhadi

Simukhadi ili ndi PIN yakeyake, yosiyana ndi ya sikirini komanso ya ndalama, ndipo anthu ambiri sanaiyatsepo. Pa foni ya Android lowani mu Settings, pamalo ofufuzira lembani "SIM lock", kenako yatsani Lock SIM card. Pa iPhone ili pansi pa Mobile Data kapena Cellular, pa mawu akuti SIM PIN. Mafoni a mabatani nawonso ali nayo, pansi pa Security. Foni ikufunsani PIN imene simukhadi inabwera nayo, ndipo apa ndi pamene ambiri amadzitsekera okha kunja. Mukaphonya katatu simukhadi imatsekeka n'kufuna PUK, nambala ya madijiti 8 imene nthawi zambiri imalembedwa pa kapulasitiki kamene munathyolapo simukhadi pogula. PUK mukaiphonya ka 10, simukhadiyo yafa basi. Ndiye ngati kapulasitikiko munataya kalekale, musalote manambala mobwerezabwereza. Yesani kamodzi, zikakana pitani ku shopu ya Airtel kapena TNM ndi chiphaso chanu cha unzika akakuthandizeni. Ikayatsidwa, isintheni nthawi yomweyo n'kuika yanu. Kuyambira pamenepo, simukhadi ikazulidwa kapena foni ikazimitsidwa, siigwira netiweki mpaka wina alembe PIN.

Mukadali mu Settings momwemo, konzaninso mauthenga obwera foni ili yotseka. Pansi pa Notifications pali gawo la Lock screen. Sankhani kuti zolembedwa mu uthenga zibisike. Mukapanda kutero, khodi yochokera ku banki imaonekera pa galasi ngakhale foni ili yokhoma, ndipo amene wakhala nanu pa desiki ku ofesi aiwerenga osagwira n'komwe foniyo.

PIN ya manambala 4 ingathe kulembedwa m'njira 10,000, koma anthu amangozungulira pa zochepa zomwezo: 1234, 0000, 2580 ndi chaka chobadwa. Chaka chobadwa ndiye choipitsitsa, chifukwa ambiri amasunga chiphaso cha unzika kuseri kwa foni, m'kati mwa kava. Wakuba akavundukula kavayo wapeza dzina lanu lonse ndi tsiku lobadwa, ndiye kuti wapeza zoyesera pa *211# kapena *444#. Chiphaso chikhale kwina, foni kwina. PIN ya ndalama isafanane ndi ya sikirini, poti ya sikirini mumailemba pagulu tsiku lonse, anthu akuona. Pa sikirini ikani manambala 6 kapena kuposerapo m'malo mwa pateni, chifukwa chala chamafuta chimasiya mkwasa pa galasi umene umaoneka bwinobwino mukaipendeketsa foni padzuwa.

Akathyali sathyola, amapempha

Ndalama zambiri zimene zimabedwa pa foni m'dziko muno sizibedwa ndi ukatswiri wa makompyuta. Mwini wake amatumiza yekha, kapena amatchula yekha PIN. Nkhani zake n'zodziwika: meseji yoti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi, inayo ili ndi vuto", wina wodzitcha mphunzitsi wonena kuti mwana wanu wagwa kusukulu ndipo akuthamangira naye ku Queens, dalaivala wa thiraki amene akuti wanyamula katundu wanu wochokera ku Joni koma wagwidwa pa Mwanza, wodzitcha wa ku kampani ya foni wonena kuti nambala yanu itsekedwa lero mukapanda kuikonza, mphoto ya mpikisano umene simunalowe, dzina lanu lotuluka pa Mtukula Pakhomo bola mulipire kaye ya fomu. Zonsezi zili ndi msana umodzi, ndiwo changu. Amafuna musapeze mpata wofunsa munthu wina. Mankhwala ake ndi kudula foni, kenako n'kuimba nokha pa nambala imene mukuidziwa kale: ya sukulu, ya m'bale wanu wa ku Joniyo, ya kampani imene yalembedwa pa zikwangwani zawo. Musaimbe pa nambala imene yakuimbirani kapena imene ili mu mesejiyo.

Chinyengo cha "ndatumiza molakwika" chimagwira ngakhale anthu ochenjera, chifukwa chimadalira chisoni. Mumalandira meseji yooneka ngati yeniyeni kuti mwalandira K85,000, kenako mayi wina akuimba akulira kuti zinali za kuchipatala. Yang'anani kumene mesejiyo yachokera. Yeniyeni imabwera ndi dzina la kampani ndipo imagwera m'mndandanda womwewo wa mameseji akale a ndalama. Yabodza imachokera pa nambala wamba yoyamba ndi 099, 098, 088 kapena 089. Koma musakhutire ndi zimenezo, poti dzina nalo limatha kunamiziridwa. Imbani *211# kapena *444# nokha muone balansi. Ngati ndalama zalowadi, musazibweze pa nambala ina imene woimbayo akutchula. Muuzeni aimbire kampani kuti ibweze yokha kumene zinachokera.

Eni mashopu ndi maejenti ali ndi msampha wawo. Kasitomala amabwereka foni ya bizinesi kuti "ndilembe ndekha nambala", ndiye m'masekondi ochepa wasunga nambala ya mnzake m'foni mwanu pa dzina la kampani ya ndalama. Meseji yabodza ikabwera imaoneka ndi dzina limenelo, inu n'kupereka katundu kapena ndalama. Foni ya bizinesi isachoke m'manja mwanu, ndipo chithunzi cha meseji chimene kasitomala akukuonetsani pa foni yake si umboni wa malipiro. Inunso kasitomala, pa kiyosiki ya ejenti ku msika wa Limbe kapena ku Ndirande lembani PIN nokha mutaphimba ndi dzanja, werengani dzina limene latuluka musanavomereze, ndipo muwerengere ndalama pomwepo musanasunthe.

Palibe wogwira ntchito ku banki kapena ku kampani ya foni amene amafuna PIN yanu kapena khodi yobwera pa meseji. Makina awo safuna zimenezo kuti akuthandizeni. Wina akakuuzani kuti mudine manambala amene akukutchulirani ali pa foni, dziwani kuti akukuyendetsani m'njira yotumizira ndalama, kapena akupatutsa mafoni anu kuti azigwera kwa iye. Kuti muone ngati zimenezi zinachitika kale, imbani *#21#. Kuti mufafanize kupatutsa konse, imbani ##002#.

Chizindikiro china chofunika kuchidziwa: foni yanu yataya netiweki mwadzidzidzi, mwaizimitsa n'kuyatsanso koma ayi ndithu, pamene anzanu a kampani yomweyo akuimba bwinobwino. N'kutheka kuti wina watulutsa simukhadi ina pa nambala yanu. Musadikire mawa. Bwerekani foni muimbire banki itseke Mo626 kapena njira ina iliyonse imene mumalowera ku akaunti pa foni, kenako thamangirani ku shopu ya kampani ndi chiphaso.

WhatsApp ndi Facebook

WhatsApp imabedwa motere. Wakuba amalemba nambala yanu pa foni yake, WhatsApp n'kutumiza khodi ya manambala 6 kwa inu. Kenako amakulemberani ngati mnzanu wa pa gulu la mpingo, la banki m'khonde kapena la makolo a kusukulu, kuti akukonza msonkhano wa pa intaneti ndiye mumutumizire khodi imene mwalandira kuti akulowetseni. Nthawi zambiri akaunti ya mnzanuyo inabedwa kale, n'chifukwa chake dzina ndi chithunzi zimakhala zenizeni. Mukangotumiza, WhatsApp yanu yasamuka, ndipo abale anu ayamba kulandira mauthenga opempha ndalama m'dzina lanu.

Chotchinga chake chimatenga mphindi ziwiri. Lowani Settings, Account, Two-step verification, ikani PIN ya manambala 6 ndi imelo imene mumaitsegula. Wakuba ngakhale apeze khodi ya pa meseji, PIN imeneyi imuimitsa. Ngati yabedwa kale, lembaninso nambala yanu mu WhatsApp pa foni yanu ndi kuika khodi yatsopano imene ibwere. Mukangoilemba, wakubayo amatulutsidwa. Akakhala kuti anaika PIN yake, mudikira masiku 7 musanalowe, koma iyenso amakhala ali kunja. Pa masiku amenewo dziwitsani magulu anu kudzera mwa munthu wina. Muziyang'ananso pa Linked devices mwezi ndi mwezi. Kompyuta kapena foni imene simukuidziwa ikaoneka pamenepo, wina akuwerenga nanu mauthenga, ndipo kawirikawiri amakhala wa pafupi amene anagwirapo foni yanu. Dinani pa dzinalo n'kusankha Log out.

Mapulogalamu otsanzira WhatsApp, monga GB WhatsApp ndi anzake, anthu ambiri amawakonda chifukwa choona mameseji ofufutidwa, koma si a kampani ya WhatsApp, palibe amene akudziwa kumene mauthenga anu amadutsa, ndipo akaunti yanu ya WhatsApp itha kutsekedwa chifukwa cha iwo. Achotseni.

Pa Facebook, pansi pa Password and security, pali Where you're logged in, pamene pamaoneka zipangizo zonse zimene zalowa mu akaunti yanu, komanso Two-factor authentication, chotchinga chachiwiri chofuna khodi kuwonjezera pa pasiwedi, imene muyenera kuyatsa. Linki yobwera ku inbox yoti "kodi ndiwe uli muvidiyoyi?" imakufikitsani pa tsamba lofanana ndi Facebook lofuna pasiwedi. Yang'anani adiresi pamwamba: ngati sikuthera pa facebook.com isanafike pa kamzere kopendekeka koyamba, tsekani.

Mapasiwedi

Imelo ya Gmail imene munatsegulira foni ndiyo mayi wa maakaunti ena onse, chifukwa mukaiwala pasiwedi kwina kulikonse, yatsopano imadzera kumeneko. Vuto lofala mu tauni muno n'lakuti imeloyo anakutsegulirani mnyamata wa pa shopu pamene munagula foni, pasiwedi anasankha yekha, ndipo inu simuidziwa. Lowani pa myaccount.google.com lero, sinthani pasiwedi, onetsetsani kuti nambala yobwezeretsera akaunti ndi yanu, yatsani 2-Step Verification, ndipo mutenge Backup codes. Amakhala makhodi 10, iliyonse yogwira kamodzi. Alembeni papepala musunge kunyumba pamodzi ndi masatifiketi. Ndi amene adzakulowetseni tsiku limene foni ndi simukhadi zidzapite limodzi.

Pasiwedi yabwino ndi yaitali, osati yovuta kuiona. Mawu anayi osagwirizana, monga chigumu, njanji, bakha ndi nsapato, mutawalumikiza n'kuthirapo manambala, amapirira kuposa dzina la mwana wanu lokhala ndi 2019 kumapeto. Iliyonse ikhale ya malo amodzi. Tsamba limodzi likabedwa, akuba amayesa pasiwedi yomweyo pa Gmail ndi Facebook. Kulemba m'kabuku kosungidwa m'sutikesi kunyumba si kulakwa. Kulakwa ndi kusunga m'foni momwemo pa dzina loti "PIN ya banki".

Mapulogalamu ndi bandulo

Tengani mapulogalamu ku Play Store kapena App Store basi. Fayilo yothera ndi .apk yobwera pa WhatsApp, kaya ikutchedwa kalata ya ukwati, mndandanda wa ntchito kapena pulogalamu ya intaneti yaulere, musaitsegule. Zogawana pa Xender nazo simudziwa kumene mnzanu anazitenga. Pulogalamu ikapempha chilolezo, dzifunseni ngati ntchito yake ikufunadi zimenezo: tochi ilibe chochita ndi mameseji anu, ndipo pulogalamu ya ngongole yofuna mayina onse a m'foni idzawagwiritsa ntchito kukuchititsani manyazi mukachedwa kubweza. Chilolezo cha Accessibility ndiye choopsa kwambiri, chifukwa chimalola pulogalamu kuwerenga sikirini ndi kudina m'malo mwanu.

Ambiri amakana ma update poopa bandulo. Ma update ndi amene amatseka mabowo amene apezeka m'foni, ndiye apezereni mpata pa Wi-Fi ya kuntchito kapena pa bandulo ya usiku, kamodzi pamwezi. Bandulo imathera kwina: mu WhatsApp lowani Storage and data, pa Media auto-download chotsani zithunzi ndi mavidiyo, ndipo pa Facebook zimitsani mavidiyo odziyambira okha. MiFi kapena rauta ya kunyumba isinthidwe mapasiwedi onse awiri, ya Wi-Fi ndi yolowera m'kati mwake. Adiresi yolowera, monga 192.168.8.1 kapena 192.168.0.1, imalembedwa pa kapepala komatidwa pansi pake kapena kuseri kwa batire.

Foni isanasowe, komanso ikasowa

Imbani *#06# mulembe IMEI, nambala ya madijiti 15 yozindikiritsa foni yanu, pamodzi ndi lisiti yogulira. Apolisi adzaifuna. Onetsetsani kuti Find My Device, imene pa mafoni ena ikutchedwa Find Hub, ndi yoyatsa, ndiponso kuti mayina a anthu akusungidwa ku Google osati m'foni mokha. Ikasowa, yambani ndi kutseketsa simukhadi ndi akaunti za ndalama, kenako lowani pa android.com/find kapena icloud.com/find kuti muikhome kapena kuifafaniza, sinthani pasiwedi ya imelo, ndipo mukanene kupolisi. Mapu akakuonetsani kuti ili m'nyumba ina ku Mbayani, musapiteko nokha; kadontho ka pa mapu kamatha kuphonya ndi nyumba zingapo, ndipo mungakalimbane ndi munthu wosalakwa. Kulowa m'foni kapena mu akaunti ya munthu popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, choncho sungani mameseji, manambala ndi zithunzi za sikirini ngati umboni.

Popereka foni kwa okonza, zulani simukhadi ndi memori khadi. Kusintha batire kapena kabowo kotchajira sikufuna PIN yanu. Akafuna kuyesa sikirini, mutsegule nokha muli pomwepo. Pogula foni yakale, wogulitsa achotse akaunti yake ya Google kapena iCloud inu mukuona, apo ayi mukadzaifafaniza idzafuna pasiwedi ya mwini wake woyamba, ndipo ngati ndi iPhone yasanduka mwala. Inunso pogulitsa yanu, chotsani akaunti kaye kenako muchite Factory reset, kufafaniza zonse za m'foni.

Kompyuta

Matenda ofala kwambiri m'makompyuta a ophunzira ndi a m'maofesi ang'onoang'ono amayenda pa fulashi, ndipo amatengedwa m'mashopu osindikiza mapepala monga a ku Ginnery Corner ndi ena otere, kumene kompyuta imodzi imalandira mafulashi ambirimbiri patsiku. Mumabwerako mafolda onse atasanduka ma shortcut, okhala ndi kamuvi pakona. Musawadine, poti kudinako ndi kumene kumadzutsa vayirasi. Mafayilo anu sanafufutike, angobisidwa. Sikanani fulashiyo ndi Windows Security kaye, kenako tsegulani Command Prompt, ndipo ngati fulashi ili pa chilembo E, lembani attrib -h -r -s /s /d E:\*.* n'kudina Enter. Mafolda enieni abwerera. Akopereni kwina, fulashiyo muifomate. Kuti zisabwerezeke, chikalata chokasindikiza chisandutseni PDF n'kuchitumiza pa imelo kapena WhatsApp ya shopuyo. Mukalowa mu imelo yanu pa kompyuta ya eni, tsegulani tsamba lachinsinsi ndi Ctrl+Shift+N, kanani ikafunsa zosunga pasiwedi, tulukani mukamaliza, ndipo mufufute zimene mwatsitsa mu Downloads. Makope a ziphaso ndi ma CV a anthu amangoti mbwee m'mafolda amenewa.

Mu File Explorer yatsani File name extensions kuti muziona mathero a dzina la fayilo. "Invoice.pdf.exe" si chikalata, ndi pulogalamu. Windows Security imene imabwera ndi Windows ndi yokwanira kwa anthu ambiri bola izilandira ma update. Kuika ma antivirus awiri kumangolemetsa kompyuta, ndipo antivirus yothyoledwa imene wokonza wakuikirani mwaulere ndi yoipa kuposa kukhala opanda. Chimodzimodzi Office ndi Photoshop zothyoledwa, zimene pokhazikitsa zimakuuzani kuti muzimitse kaye chitetezo. Ngati ndalama ya laisensi palibe, LibreOffice ndi yaulere ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu 2020 ndipo nthawi ya Windows 10 inatha pa 14 October 2025, choncho pogula laputopu yakale funsani ngati ingalandire Windows 11. Mukamachoka pa desiki dinani batani la Windows pamodzi ndi L. Ana ndi antchito apatseni akaunti ya Standard, ya Administrator ikhale yanu.

Mdani wina ndi magetsi. Si kuthima kumene kumaotcha zipangizo kwenikweni, koma kubwera kwake, pamene mphamvu imatha kulumpha kupitirira 230V yoyenera. Akathima zulani mapulagi, akayaka dikirani mphindi zingapo. Ekisitenshoni wamba ya pa msika siteteza kanthu; funani yolembedwa surge protector, ndipo kompyuta ya pa desiki ikhale ndi UPS, kabokosi ka batire kogwirizira magetsi akathima. Ya 650VA imakupatsani mphindi zochepa zoti musunge ntchito ndi kuzimitsa bwino, si yogwirira ntchito mpaka ESCOM ibweze magetsi. M'nyengo ya mvula ziphaliwali zikayamba, zulani ku khoma. Kuzimitsa swichi kokha sikukwanira. Kutentha kwa October ndi fumbi lake zimatseka fani, ndiye laputopu isagwire ntchito ili pa bedi kapena pa pilo, ndipo kamodzi pachaka ipite kokapemereredwa m'kati. Batire la foni kapena laputopu likatupa mpaka kukankha chivundikiro, lekani kutchaja ndipo musaliboole, limatha kuyaka.

Mafayilo ofunika akhale malo atatu: m'kompyuta, pa hadi disiki yakunja, ndi pa intaneti. Akaunti ya Google imabwera ndi 15GB yaulere, yogawana pakati pa Gmail, Drive ndi Photos, imene ndi yokwanira zikalata, ma invoice ndi pulojekiti ya kusukulu ngati simuthiramo mavidiyo. Hadi disikiyo muziizula mukamaliza kukopera, chifukwa vayirasi yomanga mafayilo n'kufuna dipo imagwira chilichonse cholumikizidwa, ndipo isamagone m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Pakatha miyezi itatu iliyonse ilumikizeni, mutsegule mafayilo awiri kapena atatu kuti muone ngati akutsegukadi.